Utsi wa m'mawa pa njinga yamoto: musathamangire kutsegula injini

Aliyense wolawirira ku msika wa Limbe, ku Mchesi kapena pa depoti ya Mzuzu amaziona izi. Anyamata a kabaza ali piringupiringu kuliza njinga zawo, wina akuponda kiki, wina akukankha, ndipo kumbuyo kwa njinga zingapo utsi uli tolotolo ngati pa uvuni wa makala. Pakapita mphindi ziwiri zitatu utsi uja wazilala, mnyamata wakweza mayi wa tomato ndi dengu lake, ulendo wayambika. Pomwe inagona njingayo patsala kadontho kakuda. Palibe amene amakacheukira.

Ena mwa inu muti kodi tsamba lino lasanduka galaja? Pepani, koma nkhaniyi ikukhudza matumba athu. Amalonda ambiri m'tauni anagula njinga n'kupatsa mnyamata kuti azibweretsa ndalama madzulo aliwonse. Alipo ophunzira amene fizi yawo imachokera pa chishalo cha njinga. Zipangizo za njingazi zimachokera kunja, makamaka ku India ndi ku China, ndipo chigwereni kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, pisitoni yasanduka chinthu choganizira kawiri usanagule. Kutsegula injini popanda chifukwa masiku ano ndi kutaya ndiwo za mwezi wathunthu.

Vuto lomwe ndikuliona ndi loti kwa amakaniko ambiri a pansi pa mtengo utsi uliwonse dzina lake ndi limodzi. Mukangofika, njinga asanailize n'komwe, yankho latuluka kale: "Maring'i atha, bwana, tiyenera kutsegula." Sindikunyoza amisiri athu ayi. Ku Biwi ndi ku Ndirande kuli anyamata a luso loti ngakhale amene anapanga njingazo atha kugwira pakamwa. Koma mmisiri amadya injini ikatsegulidwa, ndipo mwini njinga wosadziwa kanthu amangogwedeza mutu. Safunsa anadya phula, abale. Nkofunika kuti eni akenu mudziweko pang'ono kuti muzifunsa mafunso oyenera.

Tiyambe ndi mtundu wa utsiwo. Utsi woyera wopyapyala, wonga nthunzi ya m'ketulo, womwe umazimirira ukangotuluka, si matenda. Ndi chinyontho chomwe chinadikha m'paipi ya ekisozi usiku. Mu June ndi July, ku Dedza kapena ku Blantyre kukagwa chiperoni, ngakhale njinga yogula dzulo imatero, ndipo injini ikatentha zimatha zokha. Njinga zambiri za kabaza zimazizira ndi mphepo, zilibe rediyeta, tsono nkhani yomwe oyendetsa minibasi amaidziwa yoti gasiketi yapsa ndipo madzi alowa mu silinda siizikhudza. Imakhudza zokhala ndi rediyeta, monga zina mwa zamatayala atatu zonyamula katundu. Pamenepo utsi woyera umakhala wambiri, sutha, ndipo madzi mu rediyeta amachepa.

Utsi wakuda ndiye kuti petulo wachuluka kuposa mpweya. Kawirikawiri munthu waiwala kubweza choki, kapena sefa ya mpweya yatsekeka ndi fumbi, kapenanso kabureta ikusefukira. Njinga yotere imamwa petulo ngati chidakwa, imatsamwa mukaipatsa moto, ndipo mukamasula pulagi mupeza mwaye wakuda wouma wonga wa pa koloboyi. Apa palibe chotsegulira injini. Wina akakuuzani za maring'i utsi uli wakuda, tengani njinga yanu mukafunse kwina.

Wodetsa nkhawa ndi utsi wabuluu, wotuwirako, wonunkha ngati mafuta opserera pa chiwaya. Umenewo ndi oyilo akupsa limodzi ndi petulo. Komabe musanade nkhawa dziwani mtundu wa injini yanu. Yamaha DT 125 ndi Suzuki TF 125, zomwe tinazolowera kuona alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo akuyendera kumidzi, ndi za two-stroke. Izo zinapangidwa kuti ziziotcha oyilo wa 2T, yemwe kapampu kamathira m'njira ya petulo, ndiye kautsi kabuluu ndi khalidwe lake. Pa zimenezo mudandaule utsi ukachuluka kwambiri kwinaku oyilo wa mu giyabokosi akuchepa, poti ndiye kuti silu ya mbali ya kilatchi yatha ndipo injini ikuyamwa oyilo wosayenera. Koma Lifo, Boxer, TVS ndi zinzake zodzadza m'misewu lero ndi za four-stroke. Izi siziyenera kuotcha oyilo.

Tsono oyiloyo walowa bwanji m'chipinda chomwe mumapsera petulo? Makomo akuluakulu ndi awiri, lam'mwamba ndi lam'munsi, ndipo mitengo yokonzera makomo awiriwa ndi yotalikirana zedi.

Lam'mwamba ndi la mavavu. Kumutu kwa injini kuli mavavu, ina yolowetsa petulo ndi mpweya, ina yotulutsa utsi. Mwendo wa vavu umakwera ndi kutsika m'kachubu kachitsulo, ndipo pamwamba pa kachubuko pamakhala kalabala konga chipewa, komwe amisiri amati silu ya vavu. Kumutuko kumafika oyilo wambiri injini ikamalira, ndiye ntchito ya kalabalako ndi kupukuta mwendo wa vavu kuti oyilo asatsike nawo. Chifukwa cha kutentha kwa tsiku ndi tsiku labala amauma n'kuleka kugwira. Usiku njinga ili chiimire, oyilo wotsalira kumutu amatsetsereka pang'onopang'ono ndi mwendo uja mpaka kufika m'munsi. M'mawa mukailiza, wodikhayo amapsa, utsi wabuluu uli phuu, ndipo akatha utsi nawo umatha. Ichi ndicho chizindikiro chake: utsi poiliza itagona kapena itaima maola angapo, kenako mbee tsiku lonse.

Pali njira ina yotsimikizira yosalira ndalama. Pezani mtsetse wautali. Sikuti mpaka mupite potsikira ku Chikwawa kapena ku Khwekhwerere kolowera ku Golomoti, mtsetse wa kwanu komweko ukwanira. Tsikani njinga ili mu giya koma moto mutatseka, ndipo pofika pansi ipatseni moto, mnzanu akuyang'ana kumbuyo. Ikalavula utsi wabuluu kamodzi n'kusiya, mlandu ndi wa mavavu. Chifukwa chake n'choti moto ukatsekedwa pisitoni imayamwabe mwamphamvu koma njira ya mpweya ndi yotseka, ndiye imakoka oyilo kudzera pa silu yotha ija. Masilu amenewa ndi timalabala totchipa, ndipo powasintha amangotsitsa mutu wa injini. Mungoumiriza mmisiri kuti agwedeze vavu ili m'kachubu kake muone. Ngati ikugwedera, kachubuko kadyeka, ndipo silu yatsopano siikhalitsa.

Khomo lam'munsi ndilo la maring'i otchuka aja. Pisitoni imakhala ndi maring'i atatu. Awiri am'mwamba amatseka mphamvu kuti isathawire pansi, yachitatu imapala oyilo pa khoma la silinda kumubwezera m'munsi. Akatha, njinga siifuka m'mawa mokha. Utsi umakhalapo injini itatentha, ndipo umaonjezereka mukapatsa moto kapena mukakweza katundu. Pachitunda chomwe kale inkakwera mu giya yachitatu tsopano ikufuna yachiwiri. Kiki yapepuka, mwendo ukungopita pansi ngati mukuponda thonje. Kapaipi kopumira injini kakutulutsa utsi ndi timadontho. Pulagi ndi yakuda, yonyowa, yonata. Zizindikiro zimenezi zikakumana zitatu zinayi, mmisiri uja akunena zoona.

Ngakhale pamenepo, mmisiri weniweni amayeza kaye. Pali geji yomwe amailowetsa pa bowo la pulagi n'kuponda kiki, moto atatsekula wonse, kuti aone mphamvu yomwe pisitoni ikupanikiza. Ikakhala yochepa amathira supuni yaing'ono ya oyilo pa bowolo n'kuyezanso. Muvi ukakwera ndiye kuti oyiloyo watseka mipata ya maring'i kwa kanthawi, kusonyeza kuti vuto lili pomwepo. Ukapanda kusuntha, mphamvu ikuthawira ku mavavu kapena pa gasiketi ya kumutu. Ndipo nthawi zina ndi matapeti chabe omwe anamangidwa mothina kotero kuti vavu siikutseka bwino, ntchito ya mphindi khumi ndi sipanala. Mmisiri amene alibe gejiyo angathe kubwereka kwa mnzake. Amene akukana kuyeza, mudzifunse chifukwa chake.

Chimene chimadya maring'i kuno kwathu ndi fumbi. Kuyambira August mpaka mvula yoyamba misewu ya m'makwalala imakhala ufa wokhawokha, ndipo fumbi likalowa mu silinda limasakanikirana ndi oyilo n'kumapala chitsulo ngati sandipepa. Koma mudzaona mnyamata wachotsa sefa ya mpweya, ati njinga izipuma bwino ndi kulira mokoma! Wina sefa ilipo koma labala wolumikiza bokosi la sefa ndi kabureta anang'ambika kalekale. Sefa ya siponji imachapidwa, kuumitsidwa, n'kupakidwa oyilo pang'ono, kenako kufinyidwa. Ya pepala siichapidwa, ikada mumagula ina. Ndi zinthu zotchipa kwambiri pa njinga yonse, koma ndi zomwe anthu amaumira.

Ngati maring'i athadi, onetsetsani kuti silinda nayo yaonedwa. Kuika maring'i atsopano mu silinda yokulika kapena yokhala ndi mizere ndi kuthira madzi m'dengu, utsi ubweranso mwezi usanathe. Silinda yotere amaikulitsa pa makina n'kuikamo pisitoni yokulirapo ndi 0.25 kapena 0.50 mm, ngakhale pa njinga zing'onozing'onozi ambiri amangogula silinda, pisitoni ndi maring'i zonse pamodzi. Ikatuluka ku galaja iyende mopepuka masiku oyamba kuti maring'i akhazikike, ndipo oyilo woyambayo asinthidwe msanga. Matumba atatu a chimanga tsiku loyamba lomwelo ndi kuitana mmisiri kachiwiri.

Zonsezi zisanachitike, yang'anani kaye zinthu zopusa, poti kawirikawiri ndizo zimakhala gwero. Oyilo wopitirira muyeso amafukitsa utsi injini yabwinobwino. Alipo anthu amathira botolo ndi theka, ati akhalitse, osadziwa kuti wotsalayo amathamangira m'kapaipi kopumira, ndipo pa njinga zambiri kapaipiko kamathera m'bokosi la sefa, komwe injini imamuyamwa n'kumuotcha. Njinga yomwe inagwa n'kugona cham'mbali, kapena yomwe inanyamulidwa chogoneka pa lole, imafuka kwa kanthawi kenako n'kusiya. Poyeza oyilo imikani njinga chilili pamalo osalala, injini itazima kwa mphindi zingapo. Pa njinga zambiri zotengera Honda kamtengo koyezera mumangokakhazika pakamwa osakapotokola. Mununkhizenso. Oyilo akamanunkha petulo, ali pyapyapya ngati madzi, ndipo muyeso ukukwera m'malo motsika, ndiye kuti kabureta ikudonthezera petulo mu injini usiku. Tsekani kampopi ka petulo pogona ndipo kabureta ikonzedwe. Akamaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti mwalowa madzi, kaya powoloka mtsinje m'dzinja kaya potsuka, ndipo atayidwe tsiku lomwelo.

Ndinenepo pang'ono za mchitidwe wina. Poopa akuba ambiri amagoneka njinga m'nyumba, ndipo n'zomveka. Koma kuiliza m'nyumbamo m'mawa, zitseko zili zotseka, ana ali mtulo, ndi kusewera ndi imfa. Mu utsi wa injini muli mpweya wa carbon monoxide, womwewo umapha anthu ogona ndi mbaula, ndipo suoneka kapena kununkha. Itulutseni panja kaye.

Tsopano kadontho kaja. Injini zambiri za njinga zotchipazi zinatengera Honda CG 125, yomwe kampani ya ku Japan inatulutsa mu 1975 poganizira maiko omwe anthu sasamala kwenikweni za sevisi. Ndi injini yopirira, n'chifukwa chake anthu amaizunza. Koma yonseyo imasunga oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, pomwe galimoto yaing'ono imasunga malita atatu kapena anayi, ndipo lita imodziyo ikutumikira injini, magiya ndi kilatchi nthawi imodzi. Tawerengani nokha. Njinga yotaya masupuni awiri aakulu patsiku, pakutha masiku khumi yataya botolo la Fanta lathunthu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a oyilo yense. Wotsalayo amatentha kwambiri, amapyapyala, ndipo tsiku lina pakati pa msewu mudzangomva kuti gwa, injini yanoka, kasitomala ali pambuyo.

Kupeza pomwe pakudontha kumafuna kudekha. Injini yakuda bii ndi oyilo ndi fumbi siikuuzani kanthu, poti oyilo amatsikira pansi ndipo mphepo imamukankhira kumbuyo, kotero pomwe pakugwera dontho si pomwe pali bala. Tsukani injini yonse itazizira ndi palafini ndi kaburashi, iume, kenako muiwaze paudala wa ana kapena ufa woyera. Yendani nayo mphindi khumi, imani, yang'anani. Mzere wonyowa uonekera pa ufawo. Utsatireni chokwera ndi chakutsogolo mpaka pomwe wayambira.

Mukapeza kuti wayambira pamwamba penipeni, pa chivundikiro cha matapeti, thokozani, poti ndi kalabala kapena gasiketi yongosintha popanda kutsitsa chilichonse. Oyilo wa pamenepa ndi wa pa gasiketi ya kumutu amayenderera mpaka pa paipi ya ekisozi n'kumapsa, ndiye munthu amaona utsi n'kuyamba kulira maring'i, chonsecho utsiwo ukuchokera kunja kwa injini. Onani bwino ngati ukutuluka kumapeto kwa paipi kapena pakhosi pake. Pansi pa injini wolakwa kawirikawiri ndi bawuti yotayira oyilo. Ili ndi kawashala kofewa komwe kamaphwanyika pomanga ndipo kamayenera kusinthidwa, koma m'malo mosintha anyamata amangowonjezera mphamvu, ena mpaka kulumikiza paipi ku sipanala. Thupi la injini ndi la aluminiyamu, chitsulo chofewa, mazinga ake amadyeka, ndipo kawashala ka ndalama zochepa kabala ntchito yaikulu. Palinso masilu pa mtengo wa giya, pa kiki ndi pa kamkono ka kilatchi. Onsewa amasinthika kuchokera kunja kapena pongochotsa chivundikiro cha m'mbali.

Malo ovuta kuweruza ndi kuseri kwa sipuroketi yaing'ono yakutsogolo. Anthu ambiri amadontheza oyilo wakale pa tcheni, ndipo tcheni chikamazungulira chimamwaza oyiloyo mkati mwa chivundikiro, kenako n'kumadontha njinga ikaima. Kumeneko si kutayikira ayi. Koma ngati mwatsuka, tcheni chili chouma, ndipo oyilo woyera akutulukabe kuseri kwa sipuroketi, silu yatha. Funsani chomwe chaipha. Nthawi zambiri ndi tcheni chomangidwa mothinitsa, chomwe chimakoka mtengo wa giya cham'mbali makamaka njinga ikalemedwa, ndipo chikapitirira chimadya ndi bering'i yomwe. Tcheni chimafuna kampata kosewera, ka zala ziwiri kapena kuposerapo pang'ono.

Mukaona masilu angapo ayamba kuchucha nthawi imodzi, musagule onse. Pitani pa kapaipi kopumira kaja. Kakatsekeka ndi matope, kakapindika, kapena wina akakatseka dala ndi kamtengo poti kamadetsa njinga, mpweya wa mkati mwa injini umasowa potulukira n'kumakankha oyilo pena paliponse pofooka.

Ndipo chonde, amisiri athu, lekani kumata silikoni ngati mukuzira nyumba. Wofinyikira kunja mumamuona n'kumupukuta, koma wochuluka chimodzimodzi wafinyikira mkati. Amaduka tizidutswa, n'kukatseka kasefa ka oyilo kapena kanjira kopyapyala kopita kumutu, ndipo mutu ukauma kamu ndi zoyendetsa mavavu zimadyeka m'masiku ochepa. Gasiketi yatsopano pa chitsulo chopalidwa bwino imakwanira. Yodula pa katoni ya sopo ndi yongofikira kunyumba.

Kudontha kwina sikupha injini koma munthu. Oyilo wochucha pa ma shock akutsogolo amatsikira ku mabuleki, ndipo buleki yonyowa ndi oyilo siigwira ngakhale muifinye bwanji. Wochokera ku sipuroketi kapena pansi pa injini amathera pa tayala lakumbuyo, ndiye pokhota pa raundabauti njinga imangochoka pansi panu. Inu okwera, mayi kapena wophunzira wothamangira kalasi, muli ndi ufulu woyang'ana tayala musanakwere, ndipo likakhala lonyezimira m'mbali kwerani ina.

Za oyilo weniweniyo, gulani wolembedwa 4T, wa muyeso womwe buku la njinga yanu likunena, womwe pa zambiri za kuno ndi 20W-50. Pa botolo muyang'anenso malembo oti JASO MA, muyeso womwe a ku Japan anakhazikitsa mu 1998 wosonyeza kuti oyiloyo sateretsa kilatchi yomwe imasambira momwemo. Oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterera kwambiri omwe kilatchi ya njinga sigwirizana nawo. Wogulitsidwa m'mabotolo a madzi m'mbali mwa msewu, wopanda chidindo, palibe angakuuzeni komwe wachokera. Ndipo masiku osinthira muziwerengera mtunda, osati mwezi. Njinga yoyenda makilomita 100 patsiku yakwanitsa 3,000 pamwezi, mtunda womwe njinga ya mphunzitsi wopita kusukulu ndi kubwera ingatenge miyezi yambiri.

Apa mpomwe eni njinga ndi anyamata awo amayambanirana. Bwana akufuna ndalama yake yathunthu madzulo aliwonse, ndipo wauza mnyamata kuti oyilo azionera yekha. Mnyamata amene tsikulo sanapeze bwino asankha chiyani pakati pa botolo la oyilo ndi ufa wa kunyumba? Injini ikanoka bwana akuti mnyamata ndi wosasamala, mnyamata akuti njinga inali yakutha kale, nkhani mpaka kwa apolisi. Kunena zoona ine ndimaimba mlandu bwana. Njinga ndi yanu, gulani oyilo nokha, mukhalepo posintha, ndipo mulembe tsiku ndi makilomita m'kabuku komwe mumalembamo ndalama zija.

Kwa amene mukufuna kugula njinga yogwirapo kale ntchito, pitani m'mamawa ndipo muuziretu wogulitsa kuti asailize. Mukafika gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda pomwe mwini wake akuti sinayende, dziwani kuti utsi wa m'mawa wauotcheratu inu musanafike. Injini yotsukidwa mwakuti waliwali pa njinga yomwe kwina konse kuli fumbi nayonso ikubisa kanthu, tsono yendani nayo kotala la ola, muiimike pa simenti youma, mucheze kaye za mtengo, kenako musuzumire pansi. Solotsani kamtengo ka oyilo muone ngati sanathiremo wolemera ngati uchi wofuna kutseka pakamwa maring'i. Paipi ikazizira pisani chala kumapeto kwake. Mwaye wouma ulibe mlandu waukulu, koma chala chikatuluka chonata ndi mafuta, chotsani pa mtengowo ndalama ya pisitoni, silinda ndi mmisiri musanayambe n'komwe kunenerera.